Nyumba ya pamwamba pa mathithi ija ilipodi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Zomba. Anatumiza chithunzi cha puloti yawo, komanso china chomwe chakhala chikuzungulira pa WhatsApp: nyumba ya makonde otambalala atalendewera pamwamba pa mathithi, m'kati mwa nkhalango. Anafunsa kuti, "Kodi nyumba iyi ndi yeniyeni, kapena ndi zija akupanga pakompyuta masiku anozi? Ngati ilipo, ine ndili ndi puloti yotsetsereka m'mbali mwa kamtsinje. Ndingamange yonga imeneyi?"

Ilipodi, bambo, ndipo si yadzulodzulo. Dzina lake ndi Fallingwater. Ili ku Pennsylvania m'dziko la America, pa kamtsinje kotchedwa Bear Run. Anajambula pulani yake ndi Frank Lloyd Wright mu 1935, ali nkhalamba ya zaka 68, ndipo nyumba yaikuluyo inatha mu 1937. Mwini wake anali Edgar Kaufmann, mpondamatiki yemwe anali ndi sitolo yaikulu mumzinda wa Pittsburgh. Sankakhalamo tsiku ndi tsiku. Inali yokapumulirako kumapeto kwa sabata basi.

Banja la Kaufmann linkawakonda mathithiwo, ndipo linkayembekezera kuti nyumba ikhala kumunsi kwake kuti lizidzawaonera pazenera. Wright anaikhazika pamwamba penipeni. Choncho ukakhala pabalaza mathithi suwaona. Umangowamva, usana ndi usiku, pansi pa mapazi ako. Kuti uwaone bwino uyenera kutuluka n'kutsetsereka m'tchire, kukaima pomwe anaima amene anajambula chithunzi chanucho.

Ine nyumba za anthu olemera sizindidolola kawirikawiri. Zambiri zimangokhala kukula: mizati ikuluikulu yosanyamula kanthu, geti lalitali, magalasi akuda ngati a banki. Iyi imanditenga mtima chifukwa cha tinthu ting'onoting'ono, tomwe pa chithunzi cha pa WhatsApp simungatione.

Pabalaza pansi anayala miyala yomwe anakumba pomwepo, n'kuipaka polishi kuti izinyezimira ngati miyala yonyowa ya mumtsinje. Koma pafupi ndi posonkhera moto pali thanthwe lotukuka lomwe latulukira m'nyumba. Ndi thanthwe lomwe linalipo kalekale nyumba isanabwere, pomwe banjali linkakonda kukhalapo. Sanaliphwanye, sanalisalaze, ngakhale polishi sanalipake. Likuoneka louma pakati pa pansi ponyezimira, ngati mwala womwe madzi akuulambalala. Taganizirani mmisiri wathu atapeza thanthwe pakati pa fawundeshoni. Mawa lake m'mawa mupeza anyamata atasonkhapo moto, ena ali ndi hamala m'manja.

Pabalaza pomwepo pali chitseko chagalasi chokankha, ndipo ukachitsekula pali masitepe olendewera otsikira kumadzi. M'malo ena galasi la zenera analilowetsa mwachindunji m'khoma lamiyala, popanda felemu, moti khoma limaoneka ngati langopitirira kunja osaduka. Mazenera a pangodya akatsekulidwa ngodyayo imasowa. Zipinda zogona ndi zazing'ono, siling'i yake yotsika, makolido opanikiza, zonsezi dala, kuti munthu aziona kuthina n'kutulukira pakhonde. Mitundu ndi iwiri yokha: konkire anaipaka utoto wotuwira ngati dothi louma, zitsulo zofiirira. Poyamba Wright ankafuna kuti makondewo akutidwe ndi golide wopyapyala. Sizinatheke, ndipo ine ndimati zinachita bwino.

Tsopano ku funso lanu lachiwiri, lomwe ndi la thumba lanu.

Makonde aja alibe mizati pansi. Anagwira mbali imodzi yokha, ku matanthwe ndi ku makoma amiyala, mbali inayo ili m'malere, monga momwe munganyamulire lichero lodzaza pa dzanja limodzi lotambasula. Dzanja limatopa. Mainjiniya omwe Kaufmann anawafunsa anachenjeza kuti zitsulo za m'pulani zinali zochepa. Wright anapsa mtima. Womanga anawonjezera zitsulo ndithu, komabe atangochotsa matabwa ochirikiza, khonde linayamba kuwerama. Linapitiriza pang'onopang'ono kwa zaka zambiri mpaka kumapeto kwake kunatsika ndi masentimita pafupifupi 18. Mu 1997 anachita kuikapo zitsulo zochirikiza kuti lisagwere mumtsinje, ndipo mu 2002 anaika zingwe zachitsulo m'kati mwa silabu n'kuzikunga zolimba. Kuwerama kunaima, koma khondelo silinawongoke.

Ndalama nazo zinathawa. Ankayembekezera madola pafupifupi 35,000, koma pomaliza, kuphatikiza nyumba ya alendo yomwe anawonjezera mu 1939, zinafika 155,000. Iyi inali nthawi yomwe chuma cha America chinali chitagwa, anthu ambirimbiri ali pa ulova.

Ndiye pali kudontha. Madenga ake ndi afulati, ndipo nyumbayo yakhala ikulimbana ndi madzi ndi chinyontho kuyambira pachiyambi. Apa ndikulankhula monga munthu amene anapsapo. Ndinachitapo lendi nyumba ya denga la silabu, yokongola kwabasi mu Okutobala. Pofika Januwale ndinali ndi mabeseni atatu pabalaza, lachinayi pamwamba pa wadilopu, ndipo nsapato zanga zakutchalitchi zinamera chuku. Mvula ya ku Zomba mukuidziwa kuposa ine.

Fallingwater ikuimabe chifukwa ili ndi oisamalira. Mwana wa Kaufmann anaipereka ku bungwe la Western Pennsylvania Conservancy mu 1963, chaka chotsatira anayamba kulandira alendo, ndipo mu 2019 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse pamodzi ndi nyumba zina zisanu ndi ziwiri za Wright. Alendo amalipira pakhomo, anthu akufuna kwabwino amasonkha. Inu mudzakhala nokha ndi penshoni yanu.

Choncho pamwamba pa kamtsinje musamangepo. Aliyense amene anaona zomwe timitsinje tooneka tofatsa tinachita ku Chilobwe nthawi ya namondwe Freddy mu 2023 sangakuuzeni zosiyana. Funsani achikulire a m'deralo pomwe madzi anafikapo chaka cha mvula yoopsa, n'kubwerera kumtunda ndithu. Khonde lotulukira mutha kukhala nalo, la mita imodzi kapena imodzi ndi theka, bola awerengere zitsulo ndi injiniya, osati mmisiri wongoyeza ndi diso. Denga likhale lotsetsereka, malata atulukire kunja mokwanira.

Zotsalazo mungatengere popanda kubwereka kubanki. Puloti yotsetsereka musaidule yonse kuti ikhale tebulo. Nyumba itsike nayo m'masitepe. Miyala yomwe mukumbe pomwepo ilowe m'khoma. Chipinda chogona chiyang'ane komwe kumachokera phokoso la madzi.

Pa chithunzi cha puloti yanu chomwe munatumiza ndaona thanthwe kumanzere, pansi pa mtengo uja. Auzeni anyamata asaliyatsire moto kaye. Munditumizire china mutaima pamwamba pake, kuyang'ana kumtsinje.