Kodi ndikachepetse chifu? Yankho kwa mayi amene akuganiza za opaleshoni yochepetsa thupi

Mayi wina wa zaka 43 wanditumizira imelo, ndipo wandilola kuti ndiyankhire pano osatchula dzina. Akuti amalemera makilogalamu 118, ndi wamtali mita 1.62, ali ndi shuga ndi BP, ndipo mawondo amawawa moti kukwera minibasi ndi nkhondo. Ayesa kusala chakudya, ayesa matiyi ogulitsidwa pa Facebook, thupi limatsika pang'ono n'kubwereranso. Dokotala wawauza za opaleshoni yochepetsa chifu, achibale ndi okonzeka kusonkha ndalama kuti apite ku India kapena ku South Africa. Koma amuna awo akuti umenewo ndi ulesi, achemwali awo akuti anthu amafera pa tebulo la opaleshoni. Funso lawo: "Ndikachita, moyo wanga udzakhaladi bwino?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani yolemera chonchi. Ndiyambe ndi mawu a bambo akunyumbawo, chifukwa andipweteka. Si ulesi. Munthu akaonda ndi kusala chakudya, thupi limaona ngati kwagwa njala. Limawonjezera chilakolako cha chakudya, limachepetsanso mphamvu zomwe limagwiritsa ntchito, mpaka litabweza zonse zomwe linataya. N'chifukwa chake anthu onenepa kwambiri ambiri amatsika n'kukweranso ngakhale ali olimba mtima. BMI yanu, kutanthauza kulemera poyerekeza ndi msinkhu, ili pa 45. Malangizo a ku America a mu 1991 ankalola opaleshoni kuyambira pa 40, kapena pa 35 ngati pali matenda ngati shuga. Mu 2022 mabungwe a madokotala a opaleshoniyi anatsitsa malirewo kufika pa 35, kapena pa 30 kwa odwala shuga. Dokotala wanu sanalote, muli m'gulu la anthu amene opaleshoniyi inapangidwira.

Njira zodziwika ndi ziwiri. Ina imatchedwa sleeve: amadula n'kuchotseratu pafupifupi magawo anayi mwa asanu a chifu, chotsalacho chimakhala chowonda ngati nthochi. Mbali yochotsedwayo ndi imene imapanga kwambiri ghrelin, homoni yoyambitsa njala. Njira inayo ndi bypass, yomwe dokotala Edward Mason anayiyamba ku Iowa, ku America, m'zaka za m'ma 1960. Amasiya kathumba kakang'ono kolowa masupuni awiri akuluakulu, n'kukalumikiza ku matumbo, chakudya n'kumalambalala chifu chonse chotsala. Masiku ano zonsezi amachita poboola timabowo ting'onoting'ono pamimba. Anthu ambiri amataya makilogalamu 25 mpaka 30 pa 100 alionse m'chaka choyamba kapena chachiwiri. Kwa inu ndiye kuti makilogalamu 30 mpaka 35.

Koma ine chimene chimandikopa si sikelo, ndi shugayo. Ku Cleveland Clinic, chipatala cha ku America, anatenga odwala shuga 150, ena n'kuwapatsa mankhwala okha, ena n'kuwachitanso opaleshoni. Patatha zaka zisanu, 29 pa 100 alionse a bypass ndi 23 a sleeve shuga wawo anali atatsika kufika pomwe madokotala ankafuna. Mwa a mankhwala okha anali 5 basi. Ena shuga amatsika pakangopita masiku ochepa, thupi lisanayambe n'kuonda komwe, chifukwa mahomoni a m'matumbo asintha. Ku Sweden nako akhala akutsatira anthu pafupifupi 4,000 kuyambira mu 1987. Mu 2020 anapeza kuti ochitidwa opaleshoni amakhala ndi moyo zaka zitatu kuposa anzawo onenepa amene sanachitidwe, ngakhale kuti samafikabe pa zaka zimene anthu ena onse amakhala. BP imatsika kwa ambiri, mawondo amapepukidwa, ndipo amene ankabanika kutulo akuliza mkonono amayamba kugona bwino.

Achemwali anu nawonso sakunama, kungoti akulitsa. M'zipatala zozolowera ntchitoyi, amamwalira ndi munthu mmodzi mpaka atatu pa 1,000, chimodzimodzi ndi opaleshoni yochotsa ndulu. Choopsa m'masabata oyamba ndi kudontha pamene asokapo, komanso magazi kuundana m'miyendo n'kupita ku mapapo. Mtima ukamagunda mothamanga, thupi likatentha, m'mimba mukamapweteka kwambiri, si zodikira kuti kuche.

Tsopano tiyeni tikhale pa mkeka, tione mbale yanu. Masabata oyamba ndi zamadzimadzi zokha, kenako zofewa ngati phala ndi mazira. Mukadzafika pa chakudya cholimba, mtanda wa nsima umene munkamaliza osaganiza udzakhala wa anthu angapo. Inu mudzayamba ndi ndiwo, nsomba, nyemba, nkhuku, chifukwa thupi likufuna zomanga thupi ndipo malo ndi ochepa. Nsima mbamu ziwiri kapena zitatu, kutafuna mpaka zisalale. Madzi simumwera pachakudya, mumadikira theka la ola. Zakumwa za gasi mumasiya. Ndipo kwa a bypass, kapu ya thobwa lotsekemera ikhoza kukugwetsani: thukuta, nseru, mtima phaphapha, chizungulire, kutsegula m'mimba, chifukwa shuga wathamangira m'matumbo nthawi imodzi. Ganizirani za pa ukwati kapena pa maliro, apongozi akukukakamizani kuti "idyani, mwadya chiyani apa?" Zimenezi zimavuta kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo amuna anu afunika kukhala mbali yanu pamenepo.

Palinso pakamwa pa anthu. Kwathu kuno kunenepa ena amakuyesabe mtendere, ndipo munthu akaonda mofulumira manong'onong'o amayamba kuti akudwala. Tsitsi limathothoka pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi, kenako limameranso. Khungu la pamimba ndi m'mikono limalendewera. Ena a sleeve amavutika ndi chilungulira, ena amachita miyala mu ndulu. Mowa umalowa m'magazi mofulumira, ndipo ena amene ankadzitonthoza ndi chakudya amayamba kudzitonthoza ndi botolo. Ngati munadwalapo matenda a nkhawa kapena kukhumudwa, muuzeni dokotala poyera musanachitidwe. Pa zaka 43 mimba ikhoza kubwerabe, poti kuonda kumadzutsa kubereka, pomwe malangizo ndi kudikira miyezi 12 mpaka 18. Mapiritsi olerera sadalirika kwenikweni pambuyo pa bypass, choncho kambiranani za njira ina.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi. Opaleshoni imatha m'maola ochepa, koma chisamaliro chake ndi cha moyo wonse. Chifu chikachepetsedwa, thupi siliyamwa bwino vitamini B12, ayironi ndi kashiamu. Mudzamwa mavitamini tsiku lililonse, mwinanso kubayitsa B12, ndi kuyezetsa magazi kangapo chaka choyamba, kenako chaka ndi chaka. Wosiya zimenezi amachepa magazi, mafupa amafooka, miyendo imachita dzanzi, ndipo kuwonongeka kwa mitsempha kwina sikubwerera. Mankhwala opha ululu ngati Brufen ndi diclofenac, amene mwina mumamwera mawondowo, amayambitsa zilonda pambuyo pa bypass. Mankhwala anu a shuga ndi BP afunika kuwasintha msanga, apo ayi shuga adzatsika mopitirira. Ndipo thupi limabwererako pang'ono pakapita zaka, kwa ena kwambiri.

Ndiye yankho langa ndi lakuti inde, kwa munthu wa BMI 45 wodwala shuga, mwayi woti moyo ukhale bwino ndi waukulu, ndipo kukhala chonchi zaka zina khumi n'koopsa kuposa tebulo limene achemwali akuopa. Jakisoni wa semaglutide, amene amagulitsidwa ngati Ozempic kapena Wegovy, amachepetsa kulemera kwa thupi ndi pafupifupi 15 pa 100 kwa opanda shuga, ndi pafupifupi 10 pa 100 kwa odwala shuga, koma ndi wodula ndipo ukasiya thupi limabwerera. Mufunseni dokotala ngati mungayambire pamenepo.

Mukasankha opaleshoni, musalipire tikiti musanapeze dokotala wa kuno amene wavomera kukuonani mukabwerako. Chipatala chakunjacho chifunseni kuti chimachita maopaleshoni otere angati pa chaka, mudzakhala masiku angati musanakwere ndege, komanso ngati adzakupatsani lipoti lolembedwa la zonse zomwe achita. Ndipo achibale akamasonkha, awerengere pamodzi ndalama ya mavitamini ndi yoyezetsa magazi ya zaka zikubwerazo, osati ya ndege ndi opaleshoni yokha.