Funsani Dokotala: Desmopressin, mwana wokodza pogona ndi ludzu losatha

Sabata ino makalata atatu afunsa za mankhwala amodzi, desmopressin, amene m'mafamase mumawapezanso ndi dzina loti Minirin. Ndiyamba ndi kalata ya mayi wa ku Kapata, chifukwa ndi imene yandikhudza kwambiri.

Funso: A Dokotala, mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 11 koma amakodzabe pamphasa pafupifupi usiku uliwonse. Tayesa kumudzutsa pakati pa usiku, agogo ake anamumwetsapo zitsamba, bambo ake amangomukalipira kuti ndi ulesi. Anzake akaona bulangete lili pachingwe amamuseka. Mkulu wanga wa ku Lusaka wanditumizira mapiritsi a desmopressin amene anatsala kwa mwana wake. Kodi ndimupatse? Ndine mayi wa ku Kapata, Chipata.

Yankho: Amayi, mwachita bwino kufunsa musanatsegule paketi, paja safunsa anadya phula. Mapiritsiwo asungeni kaye, mupite nawo kuchipatala limodzi ndi mwanayo. Koma poyamba mundiperekere uthenga kwa bambo ake: mwana uyu si waulesi. Palibe mnyamata wa zaka 11 amene angasankhe kudzuka ali chinyezi, n'kumayenda chozyolika pakati pa anzake. Pa ana 100 a zaka 5, pafupifupi 15 amakodza pogona, ndipo ambiri amasiya okha akamasinkhuka. Vutoli limayendanso m'magazi. Mukafunsa bwinobwino kwa agogo, mwina mumva kuti bambo akewo kapena amalume ake nawonso anachedwa kusiya. Kumukalipira ndi kumukwapula kumangomuonjezera mantha, mphasa imanyowabe.

Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono ngati njere ya nsawa, kotchedwa pituitary. Kamatulutsa homoni ya vasopressin, imene imalamula impso kuti zibweze madzi m'magazi m'malo mowataya. Usiku homoniyi imachuluka, n'chifukwa chake mkodzo wa m'mawa umakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri. Kwa ana ena siichuluka mokwanira. Impso zawo zimagwira ntchito usiku ngati masana, chikhodzodzo chimadzaza, ndipo tulo tawo ndi tofa nato moti samva kuti chadzaza. Desmopressin ndi homoni yofanana ndi imeneyo, yopangidwa kufakitale. Mwana akamwa, mpopi wa m'impso umatsekeka kwa maola pafupifupi 8.

Apa ndiye pagona nkhani, amayi. Mpopi ukatsekeka, madzi amene mwana wamwa amasowa kotulukira. Amatsalira m'magazi n'kusungunula mchere wa sodiyamu, monga zimachitikira ndi ndiwo mukathiramo madzi ambiri mpaka mchere osamvekanso. Sodiyamu wa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 135 ndi 145 akamuyeza kulabu. Akatsika kwambiri, madzi amalowa muubongo, ubongo n'kuyamba kutupa m'chigaza chomwe sichitambasuka. Mwana amamva mutu, mseru, amasanza, amawodzera modabwitsa kapena kubwebweta, ndipo zikafika poipa amakomoka n'kumaphupha ngati wakhunyu. Mukadzaona chimodzi mwa zimenezi ali pa mankhwalawa, musamupatsenso piritsi, musamumwetse madzi, thamangani naye kuchipatala mutanyamula paketi m'manja.

Tsono lamulo lake ndi ili: kuyambira ola limodzi asanamwe piritsi mpaka maola 8 atamwa, mwana asamwe kanthu kupatula kungonyowetsa kukhosi. Zonse pamodzi zisapitirire kapu imodzi. Taganizani madzulo a kwathu kuno. Mwana wasewera mpira mpaka dzuwa kulowa, wafikira pamtsuko n'kugugudiza makapu atatu, wadya nsima, agogo amupatsa thobwa, kenako mwakhala pabwalo n'kumatafuna nzimbe kapena chivwende. Zonsezi ndi madzi. Usiku wotere piritsi lidikire mawa. Kuli bwino muchape bulangete kusiyana n'kuti mugone kuchipatala. Madzi amwe ambiri m'mawa ndi masana, azinyamula botolo popita kusukulu, kuti madzulo asabwere ndi ludzu la tsiku lonse.

Akadwala malungo, akatentha thupi, akamasanza kapena kutsekula m'mimba, siyani mankhwalawa mpaka achire, chifukwa nthawi imeneyo afunika kumwa kwambiri, ndi madzi a moyo a ORS omwe. Brufen ndi mankhwala oimitsa m'mimba a loperamide amaonjezera mphamvu ya desmopressin, choncho musamupatse musanafunse. Ndipo wina akadzakupatsani desmopressin wopopera m'mphuno, mukane. Kuyambira 2007 mabungwe oyang'anira mankhwala ku America ndi ku Britain anachotsa wopopera m'mphuno pa chithandizo cha ana okodza pogona, chifukwa ana ena ankakomoka naye.

Mwina mukudabwa kuti ndikukutumiziraninji kuchipatala pomwe malamulo ndakuuzani kale. Ndikufuna mkodzo wake upimidwe kaye. Kuno kum'mawa ana amasambira m'madambo ndi m'madamu, ndipo likodzo limatukusira chikhodzodzo. Mwana wa sickle cell impso zake sizitha kubweza madzi m'magazi mokwanira, kotero amakodza kwambiri usiku. Pali matenda a m'njira ya mkodzo, palinso kudzimbidwa, kumene makolo ambiri sakuganizira n'komwe: chimbudzi chikauma m'matumbo chimapanikiza chikhodzodzo, ndipo ana ena amasiya kukodza pogona atangothandizidwa m'mimba. Chimene ndimaopa kwambiri ndi shuga. Mwana amene anasiya kalekale n'kuyambiranso, akumwa madzi mosalekeza, akuonda, ameneyo apimidwe shuga lero lomwe.

Zonse zikapezeka bwino, dokotala amayamba ndi piritsi la 0.2 mg ola limodzi asanagone, ndipo angakweze kufika 0.4 mg ngati sizikusintha. Pali mtundu wina wosungunuka pansi pa lilime, wa mamaikulogalamu 120, umene ndimaukonda chifukwa sufuna madzi omezera. Mwana wosakwana zaka 5 sapatsidwa. Miyezi 3 iliyonse timaimitsa kwa sabata imodzi kuti tione ngati thupi laphunzira lokha. Ndikuuzeni zoona: pa ana 10, pafupifupi 3 amaumiratu, ena 4 amachepetsako, ndipo ambiri amayambiranso akasiya kumwa. Mankhwalawa amangomugwira dzanja podikira kuti thupi likhwime. Komabe kwa mnyamata amene akufuna kukagona kwa azakhali ake kapena kupita kusukulu yogonera komweko, usiku wouma umamubwezera ulemu wake, ndipo ine chimenecho sindichipeputsa.

Funso: A Dokotala, ndine wakabaza wa njinga yamoto ku Katete. Chaka chatha ndinachita ngozi pamsewu wa Great East, ndinavulala m'mutu. Nditatuluka m'chipatala ndinayamba ludzu loopsa, theka la chigubu cha malita 20 ndinkamaliza ndekha patsiku, usiku osagona n'kukodza. Ku Lusaka anati ndi diabetes insipidus, anandipatsa desmopressin, ndipo zinasintha. Koma abale akuti ndisiye nsima ndi shuga popeza ndi matenda a shuga, ena akuti ndizimwa madzi ambiri kuti nditsuke mankhwala m'impso. Masiku ano mutu ukumandiwawa.

Yankho: Achimwene, nsima idyani. Matenda anu si a shuga, dzina lokha ndilo likusokoneza. Madokotala akale ankasiyanitsa matenda awiriwa polawa mkodzo: wa wodwala shuga unkatsekemera, wa matenda anuwa unkangozizira ngati madzi, ndipo mawu oti insipidus akutanthauza zimenezo. Chisokonezochi chavulaza odwala m'maiko ambiri, moti mu 2022 mabungwe a akatswiri a mahomoni anagwirizana zosintha dzinali kuti lizitchula kusowa kwa vasopressin. Ngozi ija inavulaza kachiwalo ka pituitary kamene ndafotokoza pamwambapa. Mwa ena chimayambitsa ndi chotupa, opaleshoni ya m'mutu kapena TB ya muubongo. Popanda homoniyo munthu amakodza malita opitirira 3 patsiku, ena kufika 15.

Uphungu wotsuka impso ndi umene wandidetsa nkhawa. Musanayambe mankhwala, madzi ambiri aja ndi amene anakusungani ndi moyo. Lero mpopi ukutsekedwa ndi piritsi, ndipo mukapitiriza kumwa mwachizolowezi, madziwo atsalira m'thupi n'kugwetsa sodiyamu. Mutu ukukuwawaniwo ungakhale wa ngozi ija, koma ungakhalenso chenjezo, choncho pitani sabata ino kuchipatala cha St Francis' kapena ku Chipata Central Hospital akakuyezeni sodiyamu m'magazi. Mutu ukakula, mukamasanza kapena mukamaona ngati mwabalalika, pitani tsiku lomwelo. Kuyambira lero muzimwa pokhapokha mukamva ludzu, ludzu likatha muike kapu pansi. Mowa wamasese ndi thobwa zimene timamwa chifukwa cha kucheza, osati ludzu, muzipewe, chifukwa malita awiri a pachisangalalo angakugwetseni.

Pali njira imene akatswiri amaphunzitsa odwala ena: kamodzi pa sabata kuchedwetsa piritsi mpaka mkodzo woyera wambiri utayamba kutuluka ndipo ludzu litabwerera, kenako n'kumwa. Madzi amene anaunjikana amatuluka panthawi imeneyo. Kambiranani ndi dokotala wanu ngati ikukuyenerani, ndipo musankhe tsiku limene muli pakhomo, pafupi ndi chimbudzi ndi mtsuko, osati muli pamsewu ndi kasitomala kumbuyo.

Tsopano mvetserani kusiyana kwanu ndi mwana wa ku Kapata uja. Iye akadwala amasiya mankhwala, ndipo palibe chimene amataya kupatula bulangete louma. Inu simusiya pa nokha. Mukamasanza kapena kutsekula m'mimba moti piritsi ndi madzi sizikukhala m'mimba, mungaume thupi m'maola ochepa. Pitani kuchipatala, kuli desmopressin wa jakisoni ndi madzi a diripi. M'chikwama chanu, pamodzi ndi laisensi, muziyenda ndi kapepala kolembedwa dzina la matenda, dzina la mankhwala ndi mlingo wake, ndiponso mawu oti si matenda a shuga. Ntchito yanu ndi ya pamsewu. Mutati mwakomoka, kapepalako ndi kamene kadzakulankhulireni, ndipo akazi anu adziwe kuti akakhala pambali pa bedi lanu azikumbutsa anamwino za mankhwalawa nthawi ikakwana.

Musadikire piritsi lomaliza kuti mukatenge ena, yambani kufunafuna kukadali milungu iwiri. Atati atha mwadzidzidzi, imwani madzi monga mwa ludzu lanu osadziletsa, mpaka muwapeze. Mapiritsi asungeni m'paketi yake, pouma ndi pamthunzi, osati pansi pa mpando wa njinga padzuwa la Okutobala. Mitundu ina yopopera m'mphuno imafuna firiji, ndiye ndi kuzimazima kwa magetsi funsani wa kufamase kuti wanu ndi uti. Chimfine chikatseka mphuno, wopoperayo salowa bwino m'thupi. Ndipo muzipita kukaonedwa pa masiku amene anakupatsani, chifukwa mwa ena ovulala m'mutu kachiwalo kaja kamachira pang'onopang'ono, ndiye mlingo umene unali woyenera chaka chatha ungakhale wochuluka lero.

Funso: Ndili ndi zaka 72, ndimadzuka kanayi usiku kukataya madzi. Mdzukulu wanga amamwa desmopressin ndipo akugona bwino. Kodi ndingamamweko limodzi? Ndimamwanso mankhwala a BP. Ndine gogo wa ku Petauke.

Yankho: Ayi, agogo, chonde musayerekeze. Munthu akapitirira zaka 65 sodiyamu wake amagwa msanga ndi mankhwalawa, ngakhale ndi piritsi la mwana. Mankhwala ena a BP, monga hydrochlorothiazide, paokha amatsitsa kale sodiyamu, ndipo amene ali ndi vuto la mtima kapena la impso desmopressin saloledwa. Kudzuka usiku pa msinkhu wanu nthawi zambiri kumachokera kwina: kukula kwa prostate (kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo) ngati ndinu abambo, shuga, madzi amene amaunjikana m'miyendo masana n'kutuluka mukagona, kapena piritsi lokodzetsa limene mukumwa madzulo m'malo mwa m'mawa. Tengani mapaketi onse a mankhwala anu mupite nawo kukiliniki, ndipo kwa masiku atatu musanapite, mdzukulu wanuyo akulembereni nthawi imene mwadzuka ndi zimene munamwa madzulo.