Makina a chiponde: yankho kwa achimwene a ku Santhe

Kalata yanu, achimwene, yagona mu imelo yanga masabata awiri. Ndakhala ndikuitsegula n'kuitsekanso, chifukwa mwandikhudza pachilonda. Mukuti mwabwerako ku Joni ndi kandalama, makolo anu amalima mtedza, ndipo mwatopa kuona mavenda akuutenga pamtengo wolira. Ndiye mukufunsa ngati kuli kwanzeru kugula makina opangira chiponde kuti phindu lizitsala pakhomo.

Ine makina amenewo ndinagulapo. Mu 2021, ine ndi alamu anga ku Mchinji tinasonkherana n'kukawatenga ku Lilongwe, kwa munthu amene anatilumbirira kuti pakutha kwa miyezi itatu ndalama yathu idzakhala itabwerera. Tinawakweza pa lole ya matola atakulungidwa m'bulangete ngati wodwala. Tsiku loyamba kuwayatsa sindidzaliiwala. Tinakazinga mtedza pa chiwaya chodula ku mgolo, akazi anga ndi achemwali awo akufikisa ndi kupeta m'malichero, timakoko tofiira tili mbwee pabwalo ponse. Chiponde chitayamba kutuluka, chotentha, chonyezimira, ana a mudzi wonse anaima pawindo. Alamu anga anatapa ndi chala, kulawa, n'kunena kuti, "Alamu, umphawi tautsanzika lero." Usiku umenewo ndinalemba masamu m'kope: kilo ya mtedza mwakuti, botolo la chiponde mwakuti, kusiyana kwake kuchulukitsa ndi mabotolo a pamwezi. Ndinagona ndili bwana.

Kope limenelo ndikadali nalo. Mulibe mtengo wa botolo lopanda kanthu, mulibe chivindikiro, mulibe pepala lomata, nkhuni, mchere, kabaza wopita ku tauni, ngakhale mtedza woola umene timataya posankha. Koma izi n'zazing'ono. Chachikulu n'chakuti kuti ndalama ya makina ikwane tinagulitsa theka la mtedza wathu womwewo mwezi wa Juni, kwa mavenda omwewo amene timati tikuwathawa. Pofika Seputembala matumba athu anali atatha, makina ali yasa kukamwa. Tinapita kukagula mtedza kwa ndani? Kwa venda yemwe uja, pamtengo wa Seputembala. Anatilandira bwino, mpando anatipatsa.

Kenaka panabwera za magolosale. Mwini sitolo sakana katundu, amangoti "siyani, mudzatenge ndalama akatha". Umasiya mabotolo makumi awiri kwa uyu, khumi kwa uyo, n'kubwerera kunyumba ukusangalala kuti katundu wayenda, chonsecho m'thumba muli mphepo. Ukapitako kumapeto kwa mwezi umapeza chiponde chako chili pansi pa shelefu kuseri kwa sopo, mafuta atayandama pamwamba. Chiponde chenicheni chimatero, mafuta amalekana ndi phala lake, koma wogula amene anazolowera cha kufakitale akaona choncho amati chawonongeka. Mayi wina anandibwezera mabotolo asanu ndi awiri akundiyang'ana ngati ndimafuna kumuphera ana.

Ndiye mu Januwale 2022 kunabwera namondwe wa Ana n'kuwononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi. Ife a ku Mchinji madzi osefukirawo sitinawaone, koma mdima wake unatipeza. Magetsi akayaka pakati pa usiku timadzuka kukagaya ngati afiti. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mabotolo n'kukwera mtengo. Pamene imagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ife tinali titatseka kale.

Pano ndilankhule mosapsatira, ena akwiye. Mawu akuti "kuwonjezera phindu pa zokolola" asocheretsa anthu ambiri m'dziko muno. Ndakhalapo m'misonkhano ya kunyanja momwe munthu wovala tayi, amene sanaswepo ndowa imodzi ya mtedza, amaonetsa chithunzi cha mtedza mbali iyi, botolo mbali iyo, pakati kamuvi. Kamuvi kameneko ndiye bizinesi yonseyo, ndipo palibe amakafotokoza. Tikatha timalandira alawansi n'kumabalalika. Ganizo lokhalo si loipa ayi. Pologalamu ya One Village One Product, imene inayambira ku Oita m'dziko la Japan mu 1979 ndipo kuno inafika mu 2003, inaimanso pa mfundo yomweyi, yakuti mudzi uzipanga chinthu chake chogulitsa. Koma yendani m'matauni ang'onoang'ono muwerenge makina a magulu osiyanasiyana amene angokhala m'nyumba zokiya, ena ofinyira mafuta a mpendadzuwa, ena ogayira chinangwa. Makina ndiwo osavuta kugula, osavutanso kujambula pa tsiku lopereka. Mpamba wogulira mbewu ya chaka chonse sujambulika.

Ndipo venda amene tonse timamutukwanayu, tamuonetsetsani. Inde, sikelo zina n'zokhota, ndowa zina n'zophwanyidwa pansi kuti zilowe zambiri, ndipo mitengo yoyambira imene boma limalengeza chaka ndi chaka ambiri amangoimva pa wailesi. Zonsezo n'zoona. Koma mphamvu yake si sikeloyo. Iye amafika mu Meyi ali ndi ndalama m'manja, pa nthawi imene mlimi ali ndi fizi ya mwana, ngongole ya ku banki m'khonde ndi maliro a azakhali. Amagula, amasunga, amadikira. Basi. Sakazinga, sagaya, alibe makina, koma ndi iye amene amamanga nyumba ya malata. Zinanditengera zaka ziwiri ndi ndalama zanga zonse kuti ndione kuti phindu limene ndimalithamangira m'botolo linali m'thumba losungidwa miyezi inayi.

Agogo anga ankakonda kukamba za masiku a ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971. Ankati msika unali pafupi, mtedza wa Chalimbana, wa maso akuluakulu uja, ankausankha m'magiredi ndipo unkapita mpaka ku Ulaya. Ankaiwala dala kunena kuti mitengo yake inali yotsika ndipo kunalibe kwina kogulitsa. Komabe chinthu chimodzi ankanena zoona: munthu ankadzala akudziwa kumene akagulitse. Lero timadzala kaye, msika n'kumaufunsa mtedza uli kale pa mkeka.

Za chuku, musadumphe apa

Ichi ndicho chinandichititsa manyazi kuposa ngongole. Mphunzitsi wina wa sayansi amene ankatigula anandifunsa tsiku lina ngati mtedza wathu tinauyezetsapo chuku. Ndinamuseka, ndinati timakazinga, moto umapha zonse. Si zoona. Chuku chimasiya poizoni wotchedwa aflatoxin, ndipo kukazinga sikumuchotsa yense. Saoneka, alibe fungo, amawononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka khansa, ndipo amagwirizana ndi kupinimbira kwa ana. Anadziwika mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anafa ndi chimanga chachuku. Mayiko a ku Ulaya salola kuti poizoniyu apitirire magawo 4 pa biliyoni mu mtedza wodyedwa, ndipo chuku ndi chimodzi mwa zimene zinatilanda msika umene agogo ankaunyadira uja.

Nditamva izi ndinakumbukira amayi anga. Asanayambe kuswa mtedza amauwaza madzi kuti makoko afewe, zala zisapweteke. Mudzi wonse umatero, ndipo ena amawazanso kuti ulemere pa sikelo. Mtedza wonyowawo ukalowa m'thumba, chuku chapeza nyumba. Choipitsitsa n'chakuti wabwino timagulitsa, wofwapa ndi wothyoka uja ndiye timasinja nsinjiro zotendera ndiwo ndi phala la mwana. Ine ndinachitanso chimodzimodzi pa chiponde. Mtedza utakwera mtengo ndinayamba kugula wotsalira posankha, poti ukagayidwa ndani adziwe. Ndinkaika m'botolo, pamwamba n'kumata chithunzi cha mwana akumwetulira. Mpaka lero ndikaganiza zimenezo chakudya sichitsika bwino.

N'chifukwa chake chiphaso cha Malawi Bureau of Standards ndinasiya kuchiona ngati chopinga chabe. Popanda icho masitolo akuluakulu sangakulandireni, ndipo kuti muchipeze pamafunika nyumba yoyenera, madzi aukhondo ndi kuyezetsa katundu. Zonsezo ndi ndalama zimene wogulitsa makina satchula.

Ndatalikitsa, pepani. Funso lanu linali lakuti mugule kapena ayi. Chaka chino musagule. Ndalama ya ku Joniyo muyambe mwawalipirira makolo zimene zimawakakamiza kugulitsa mu Meyi, kenaka yotsalayo mugule mtedza wosaswa kwa anansi pa sikelo yoona. Uume bwino, muusunge ndi makoko ake pamalo okwera, posadontha, mudzaswe nthawi yogulitsa popanda kuwaza dontho la madzi. Kusankha bwino ndi kulongedza mwaukhondo n'kuwonjezera phindu kale, ndipo sikufuna magetsi. Ngati mbewu ya kumunda ndi yobwerezabwereza, pezani yatsopano. CG7, yofiira ija imene inatulutsidwa mu 1990, ili ndi mafuta ambiri ndipo opanga chiponde amaikonda. Funsaninso za kalabu ya NASFAM kapena kopaletivi ya kwanuko, chifukwa ogula akuluakulu amalankhula ndi wa matani, wa ndowa samuona.

Mtima ukakanabe kuchoka pa chiponde, kagayitseni kwa amene ali ndi makina kale, mabotolo makumi asanu okha, mugulitse pa kashi, osasiya ngakhale limodzi pa ngongole. Muone ngati anthu omwewo abwerenso kachiwiri ndi kachitatu. Akabwera, ndipo muli ndi mtedza wokwana mpaka kukolola kwina, tidzakambe za makina.

Athu aja ali kwa alamu anga, m'chipinda chosungira makasu, tinawafunditsa chitenje. Nkhuku ina inazolowera kuikira m'kamwa mwake mothira mtedza muja. Mota ndi yabwinobwino, miyala yake ndiyo ikufunika kusintha. Mukadzadutsa ku Kamwendo mudzandiuze, mudzawaone, koma mudzabwere ndi kope lanu la masamu ndiyambe ndaliwerenga.