Kodi mafuta a malambe angateteze mwana wanga ku dzuwa?

Adokotala, mwana wanga wa zaka 6 ndi wachialubino. Mafuta oteteza ku dzuwa omwe timalandira kuchipatala nthawi zina amatha. Anzanga a kumpingo akuti ndizisakaniza mafuta a malambe, a chammwamba ndi aloe vera, ati makampani akunja amapangiranso zomwezi. Ndiyambe?
Mayi wa ku Machinga

Mayi, musayambe. Komabe anzanuwo sananame kotheratu.

Mtengo suthawira pamthunzi. Umawambidwa tsiku lonse, choncho masamba ndi makungwa ake amapanga timankhwala todzitetezera, monga ma flavonoid, ndipo timeneti ndi tomwe akatswiri amafufuza. Nzeruyi si ya lero ayi: amayi a kumpoto kwa Mozambique amapaka mussiro kumaso, a ku Myanmar amapaka thanaka, zonsezi zochokera ku mitengo.

Vuto lili pa muyeso. Mafuta asanalembedwe SPF 50 (nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu yawo yotchinga dzuwa), amayesedwa pakhungu la anthu, mamiligalamu 2 pa kachigawo ka sentimita imodzi mulitali ndi mulifupi, n'kuona kuti khungulo lachedwa bwanji kupsa. Amaonanso ngati mankhwalawo sakutha mphamvu akawombedwa ndi dzuwa, komanso ngati sakuyabwa. SPF 50 imatchinga pafupifupi 98 pa 100 ya cheza chowotcha cha UVB. Mafuta a zomera paokha ambiri safika ndi pa SPF 10 pomwe. Mukaona botolo lajambulidwa tsamba lokongola, tembenuzani muwerenge kumbuyo: ntchito yeniyeni imagwiridwa ndi zinthu ngati zinc oxide, chomeracho n'chongothandizira. Ngakhale mafuta oteteza ku dzuwa a Kilisun, omwe anayamba kupangidwa ku Moshi, Tanzania, mu 2012 poganizira anthu achialubino, amadalira mankhwala oyesedwa bwino, osati zosinja mumtondo.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti mafuta a malambe amafewetsadi khungu. Mwana akamawala, mtima wanu ukhala pansi, mumusiya asewere pabwalo masana onse, chikhalirecho khungu lake lilibe melanin womuteteza. Kupsa kwa lero ndi mawa kumaunjikana, ndipo n'komwe kumadzabala khansa ya pakhungu akakula. Aloe vera amaziziritsa pomwe papsa kale, satchinga dzuwa. Madzi a mandimu ndiye musayerekeze n'komwe, akakumana ndi dzuwa amatha kutulutsa matuza.

Mafuta akatha, dalirani nsalu. Chipewa cha khonde chophimba makutu ndi khosi, malaya a manja aatali a nsalu yothithikana, ndiponso mthunzi kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Aphunzitsi ake muwauze zimenezi. Funsaninso a bungwe la anthu achialubino la APAM m'boma lanu komwe mafuta akupezeka, ndipo mukawapeza muzimupaka maola awiri alionse ali panja, osaiwala milomo ndi kuseri kwa makutu.

Za malambezo mutha kumudzoza usiku akasamba. Koma mukaona kachilonda kosapola, kapena pokakala pomwe pakumatuluka magazi, pitani naye kuchipatala sabata yomweyo.