Funsani Madamu: Nthawi ikumandithera ndisanamalize kompozishoni

Madamu, ndine mtsikana wa Fomu 4, ndimakhala ku Kawale. Chizungu ndimayesetsa ndithu koma pa moko nthawi inandithera, ndinali nditamaliza rafu ndiye ndili mkati mokopera basi oyang'anira mayeso akuti ikani zolembera pansi. Ndinalira. MSCE yayandikira, nditani?

Pepa mwanawe, koma vuto walitchula wekha, ndi rafu imeneyo. Kompozishoni ya MANEB amafuna mawu 350 mpaka 500, ndiye ukalemba rafu yathunthu kenako nkumakopera ndiye kuti walemba makompozishoni awiri pa nthawi ya imodzi, olo dzanja litathamanga bwanji sungakwanitse. Isiye rafuyo kuyambira lero.

M'malo mwake tenga maminitsi 5 okha, werenga funso kawiri, ona ngati akufuna kalata, lipoti, sipichi kapena nkhani chifukwa chilichonse chili ndi kayalidwe kake, kenako lemba timfundo tinayi kapena tisanu, mawu awiri atatu basi, mfundo iliyonse ikhale ndime yake. Ukatero yamba kulemba zenizenizo. Ukalakwitsa liwu ingodula ndi kamzere kamodzi upitirize, osakhalira kufufuta mpaka pepala kuda.

Chinanso chomwe ana ambiri sachita ndi kudziwa dzanja lawo. Tsegula kope lako uwerenge mawu amene umalemba pa mzere umodzi, ngati ndi 9 ndiye kuti mawu 400 ndi mizere pafupifupi 45. Ukadziwa zimenezi sutayanso nthawi mu mayeso kumaloza liwu lililonse ndi bolopeni, wani, thuu, firii, ungoyang'ana pomwe wafika papepala.

Koma zonsezi sizigwira ukapanda kuyeserera ndi wotchi. Peza mapasti pepa kwa aphunzitsi ako kapena anzako, kawiri pa sabata khala pansi, tchera alamu maminitsi 45, ikalira siya olo uli pakati pa chiganizo. Poyamba zikupweteka, mwina ufika ndime yachitatu yokha, usakhumudwe, dzanja ndi mutu zimazolowera. Ngati kunyumba kuli phokoso, Loweruka m'mawa kwera minibasi upite ku National Library ku City Centre. Zimene walembazo uziwapatsa aphunzitsi azikuchongera, makamaka matensi ndi masipelo, poti m'menemo ndi momwe mamalikisi amathothokera. Pa chifukwa chomwecho siya maminitsi 5 omaliza owerengeranso.

Ndipo chonde usaloweze kompozishoni ya munthu wina, zimandimvetsa chisoni mwana akalemba nkhani yokoma koma yosayankha funso. Ndikulimbikira chonchi chifukwa Chizungu ukalephera satifiketi ya MSCE supata ngakhale maphunziro enawo utakhoza bwino. Ndi Chichewa chomwe, chimangirizo uzichiyeserera ndi wotchi chimodzimodzi.

Ukayesera masabata awiri undilemberenso, undiuze kuti alamu ikumalira uli pa mzere wachingati.