Super Mario Bros. 2 alipo awiri, ndipo onse ndi a Nintendo

Owerenga wina wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Tili ana tinkasewera Super Mario Bros. 2 pa TV game, Mario wake ankazula ndiwo zamasamba pansi n'kumagenda nazo adani. Pa YouTube ndapeza gemu ya dzina lomweli koma ikufanana ndi Mario woyamba uja. Kodi ife tinkasewera yabodza?"

Ayi achimwene, simunasewere yabodza. Kasetiyo mwina inali yokopera, monga ambiri a makaseti amene ankabwera ndi ma TV game otchipa aja, koma gemu imene inali m'katimo ndi ya Nintendo ndithu. Nkhani yake ndi yakuti kampaniyi inatulutsa magemu awiri osiyana pa dzina limodzi, ina ku Japan, ina ku America ndi ku Europe.

Imene mwaiona pa YouTube ndi ya ku Japan. Inatuluka mu June 1986 pa Famicom Disk System, chipangizo cha Nintendo chosewerera magemu a pa disiki, patangopita miyezi yochepa Mario woyamba atatuluka mu September 1985. Inapangidwira anthu amene anamaliza kale yoyambayo, choncho ndi yovuta kuyambira pachiyambi pomwe. Muli bowa wapoizoni wooneka ngati wabwino uja, muli mphepo yokankha Mario ali m'malere, ndipo mapaipi ena amene umaganiza kuti akudumphitsa mtunda amakubweza m'mbuyo. Luigi amadumpha kwambiri kuposa Mario koma amatereka poima. A Nintendo ya ku America ataiyesa anaona kuti ndi yovuta mopyola muyezo komanso ikufanana kwambiri ndi yoyamba, ndiye sanaitulutse kwawoko.

M'malo mwake anatenga gemu ina, Yume Kōjō: Doki Doki Panic, imene Nintendo inapanga mu 1987 mogwirizana ndi Fuji Television pa chionetsero cha kanemayo. Munali banja la anthu anayi ovala zachiarabu. Mnyamata Imajin anasanduka Mario, Mama anasanduka Luigi, mtsikana Lina anasanduka Princess, ndipo Papa anasanduka Toad. N'chifukwa chake Luigi wanuyo amadumpha motalika miyendo ikupalasa m'mwamba, Princess n'kumayandama kwakanthawi, Toad n'kumazula zinthu mwachangu. Luso limenelo analitenga kwa anthu a m'banja lija. Gemuyi inatuluka ku America mu 1988 ndipo ku Europe inafika mu 1989.

Apa ndi pamene ndimatsutsana ndi anthu amene amati a ku America anangopatsidwa gemu ya eni yovekedwa chipewa cha Mario. Doki Doki Panic inapangidwa ndi gulu lomwe la Shigeru Miyamoto, amene anayambitsa Mario, motsogozedwa ndi Kensuke Tanabe, ndipo nyimbo zake anapeka ndi Koji Kondo, yemwe anapekanso za Mario woyamba. Posintha sanangojambula nkhope zatsopano. Anaikamo kuthamanga ndi batani la B, kumene mu Doki Doki Panic munalibe, ndipo zimenezi zinasintha kaseweredwe konse. Nyale yamatsenga inakhala botolo la mankhwala lotsegula chitseko. Pa gawo 5-3 anaikapo nkhanu yaikulu Clawgrip m'malo mwa Mouser, khoswe woponya mabomba. Mu Doki Doki Panic umayenera kumaliza gemu ndi anthu onse anayi kuti uone mathero ake, pamene mu Mario kumaliza kamodzi kunali kokwanira. Ndipo adani ngati Shy Guy, Birdo, Bob-omb ndi Pokey, amene lero aliyense amawatenga kuti ndi a Mario, anachokera mu gemu imeneyi. Ine ndimaiona kuti ndi yolimba mtima kuposa ya ku Japan ija, chifukwa inayesa zinthu zatsopano: kukwera m'mwamba m'malo mongoloza kumanja, kunyamula mdani n'kugendera mnzake, kusankha munthu woyenera malo amene ukupita.

Pambuyo pake mbali zonse ziwiri zinalandira gemu ya anzawo. Ku Japan yanuyo inatuluka mu 1992 ndi dzina lakuti Super Mario USA. Ya ku Japan inafika kunja mu 1993 mu Super Mario All-Stars, kaseti yophatikiza magemu angapo a Mario pa makina a Super Nintendo, ikutchedwa The Lost Levels.

Pali china chimene mungakumane nacho poonera mavidiyo amenewa. Ma TV a ku Japan ndi ku America ankagwiritsa ntchito njira yotchedwa NTSC, yosintha chithunzi ka 60 pa sekondi (60 Hz), pamene m'maiko ambiri a ku Europe, ku South Africa ndi kuno ku Malawi kunali PAL, ya 50 Hz. Gemu imene sinakonzedwe bwino posamutsidwa inkayenda pang'onopang'ono, ndi nyimbo zomwe. Sonic the Hedgehog ya 1991 pa Mega Drive ndiye imaonetsa zimenezi poyera. Choncho mukaona Mario wa pa YouTube akuthamanga kuposa mmene mukukumbukirira, chifukwa chake chingakhale chimenechi.

Ngati mukufuna kuyesa ya ku Japan, yambani ndi ya mu All-Stars, chifukwa imasunga pamene mwafika pa gawo lililonse. Ya 1986 ija ikakuthetsani moyo wonse imakubwezani kuchiyambi kwa dziko limene mwafikamo (dziko lililonse lili ndi magawo anayi), ndipo magawo a kumapeto ndi ovuta kwambiri.