Yankho kwa wowerenga wa ku Chipoka amene akufuna kusema Ilala yaing'ono

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Chipoka, m'boma la Salima, amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Akuti akufuna kupanga sitima ya Ilala yaing'ono yamatabwa yoti aziika pabalaza, ali kale ndi thabwa la mbawa limene analisunga zaka zitatu, ndipo akufunsa ngati mtengowo ndi woyenera komanso poyambira pake. Bambo, ndikuyankhani mmene ndimachitira ine kuno ku Nkhotakota.

Musanagwire tchizulo, gwirani pensulo ndi lula. Kusiyana kwa ntchito yathuyi ndi ziboliboli zimene anyamata amagulitsa kwa alendo ku Senga Bay kwagona pa muyeso. Iwo amasema ndi diso, ndipo ena a iwo ali ndi dzanja labwino kuposa langa, koma sitima yawo imatha kukhala ndi chitseko chotalika ngati chumuni. Ife timasankha nambala imodzi n'kugawa nayo chilichonse. Ilala ndi yotalika pafupifupi mamita 52. Pa sikelo ya 1:100 idzakhala masentimita 52, pa 1:50 idzapitirira mita imodzi pang'ono. Yaing'onoyo imaoneka yosavuta, koma ndiyo yopweteka, chifukwa munthu wotalika mamita 1.7 amasanduka mamilimita 17 okha, ndipo chitsulo chogwirira m'mbali mwa sitima chimaonda mpaka theka la milimita, kumene palibe mtengo umene ungalimbe osathyoka. Pamenepo mudzafunika waya wa kopa wosenda mu chingwe chakale cha magetsi.

Tsono za mbawa yanuyo. Ilala si sitima yamatabwa ayi. Inapangidwa ndi zitsulo mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, ku Glasgow, n'kubwera kuno zidutswazidutswa, kuzilumikiza ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda panyanja mu 1951. Choncho thupi lake lonse mudzalipaka penti kuti lioneke ngati chitsulo, ndipo kukongola konse kwa mbawa kudzakwiririka pansi pa pentiyo. Chinanso, mbawa ili ndi timabowo tambiri pankhope pake timene timaonekerabe ngakhale mutapaka kangapo. Ine thupi la sitima ndimapanga ndi malayina wouma bwino, chifukwa ndi wofewa, wopepuka, ndipo amasalala msanga ndi sandipepa. Paini wopanda mfundo amachitanso. Mbawa yanuyo isungeni kuti ikhale choikapo sitima ikatha, pamene vanishi adzaionetsa ulemu wake. Mkungudza wa ku Mulanje musaufunefune, ndi mtengo wotetezedwa umene watsala pang'ono kutha.

Thupilo musaliseme kuchokera pa chipika chimodzi. Dulani matabwa opyapyala anayi kapena asanu, lililonse molingana ndi mmene sitima ikukulira kuchokera pansi kukwera m'mwamba, muboole m'kati mwa apakatiwo, kenako muwasanjikize ndi guluu woyera wa akalipentala ndi kuwapana usiku wonse. M'mawa mwake mumangosema timasitepe totsalira kunjako mpaka thupi litasalala. Ndinaphunzira zimenezi movutikira. Sitima yanga yoyamba ndinaisema pa chipika chimene wondigulitsa analumbira kuti ndi chouma, ndinagwira ntchito nyengo yonse ya mvula, ndipo pofika mwezi wa Okutobala, dzuwa litaswa mtengo, ndinaipeza itang'ambika kuchokera kutsogolo mpaka pakati, mng'alu woti n'kulowetsamo ndalama yachitsulo. Kuno kunyanja chinyezi cha Febuluwale ndi kuuma kwa Okutobala zimakoka mtengo uku ndi uku, ndipo matabwa osanjikiza amapirira kusinthako kuposa chipika.

Komabe ndikadakhala inu, Ilala ndikadaiika pachiwiri. Chovuta chake n'chakuti simungaiyeze ndi manja. Mudzadalira zithunzi, ndipo chithunzi chojambulidwa kuchokera m'boti laling'ono lonyamula anthu kupita nawo kumtunda chimanamiza, chifukwa kutsogolo kumaoneka kwakukulu, kumbuyo kochepa. Funani chithunzi chojambulidwa chapatali, sitima ili chopingasa ndendende, ndipo muyeze zonse poyerekeza ndi mamita 52 aja. Pamene boti lamatabwa la asodzi a usipa lili pompo padooko panu. Pemphani mwiniwake, pitani ndi tepi masana pamene alikokera pamchenga, muyeze utali, mimba, kutalikirana kwa nthiti ndi kuchindikala kwa thabwa. Boti la mamita 8 pa sikelo ya 1:20 limakhala masentimita 40, ndipo thabwa la masentimita awiri limakhala milimita imodzi, yomwe mungaipale ndi dzanja. Timatabwa timeneti mumativiika m'madzi otentha mphindi zingapo, n'kutipinda pa nthiti tikadali tofunda, kutigwiriza ndi zopanira zovala mpaka titauma. Asodzi adzakusekani tsiku loyamba, koma lachiwiri ndi iwo amene adzakuuzeni pamene mwalakwitsa, pakuti thabwa lililonse la botilo amalidziwa ngati chikhatho chawo.

Panopa patebulo panga pali chombo chathanga cha mtundu umene Jumbe ankaolotsera akapolo ndi minyanga kuchokera kuno kupita kutsidya la kum'mawa m'zaka za m'ma 1800. Ndachigwira mwezi wachisanu tsopano, ndipo zingwe za pamlongoti ndazimasula kawiri chifukwa ulusi wosokera unali ndi ubweya umene unkaoneka ngati chingwe chotha. Kuupititsa pa phula la njuchi ndiko kunathetsa vutolo. Chikatha chimenechi ndikufuna kuyesa Chauncy Maples, sitima ya amishoni imene inayamba kuyenda mu 1901, yotchedwa dzina la bishopu amene anamira panyanjayi mu 1895 ndipo manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints kuno kwathu.

Mukayeza boti lanu, munditumizire manambalawo pamodzi ndi chithunzi cha m'kati mwake, tione limodzi kuti nthiti zikhale zingati musanadule thabwa loyamba.